Ndowa Ziwiri za a Lackson

Lachitatu m'mawa Edith anatsika minibasi pa Katete ali ndi ndalama yobwerera yokha, yomanga pansonga ya chitenje. Kuchokera pamenepo kukafika kumene mchimwene wake Lackson ankagulira nsawa unali ulendo wa maola awiri wapansi. Anaima pambali pa msewu, napemphera mwachidule, n'kuuyamba.

Mwezi wa Epulo Lackson anapita kwa Edith ku Sinda, nakhala pampando wa malemu mwamuna wake, n'kupempha mpamba woyambira kugula nsawa kwa alimi. Edith analibe ndalama. Anakatenga makwacha zikwi ziwiri ku banki ya m'mudzi m'dzina lake, napereka makina ake osokera ngati chikole. Lackson analonjeza kubweza pakatha miyezi iwiri. Tsopano unali Seputembala, ngongole inali itakwera ndi mazana asanu ndi limodzi, ndipo foni ya Lackson inkangoitana osayankhidwa. Lachisanu likudzalo amayi a gulu la bankiyo ankayembekezera kugawana ndalama zawo. Wolephera kubweza ankamutengera chikole tsiku lomwelo, ndipo makinawo ndiwo ankadyetsa Edith ndi mwana wake Chisomo.

Atayenda pang'ono, ngolo ya ng'ombe inamupeza. Mayi wina wachikulire amene anakhala pamwamba pa matumba anauza woyendetsa kuti aime.

"Kwerani amayi, fumbi ili likuphani," anatero, akusendera kumbali. Dzina lake anati ndi Ursula. Anabenthula mbatata yootcha, napatsa Edith mbali yaikulu. "Tikupita kwa a Lackson kukagulitsa nsawa. Chaka chino ndinkati ndakolola bwino, koma ndikafika kwa iwo ndowa zimachepa. Kaya maso anga akalamba."

Edith anasiya kutafuna. Ankadziwa chimene chinkachepetsa ndowazo. Tsiku limene Lackson analandira ndalama anagula ndowa yofiira ya pulasitiki, naithira mchenga wotentha pabwalo la Edith, n'kumaupondaponda mpaka ndowayo inatupa mimba. Imeneyo inali yogulira. Yogulitsira inali ina. Edith anaona zonsezo ali pakhomo, ndipo sananene kanthu, poti Lackson anali mchimwene wake wamkulu.

Anapeza Lackson atakhala pansi pa mtengo wa mango, matumba ataunjikana kumbuyo kwake, alimi asanu ndi awiri akudikira ndi katundu wawo. Pambali pake panali njinga yamoto yatsopano. Edith anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu.

"Muli bwanji achimwene?"

Lackson anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kwagwa maliro?"

"Ayi. Ndimafuna tilankhule pambali."

"Lankhulira pompano. Ndili pantchito, sukuona?"

Edith anatsitsa mawu. "Ndi za ndalama ija. Lachisanu adzatenga makina."

Lackson anaseka mokweza, natembenukira kwa alimiwo. "Mwamuona mlongo wanga uyu? Wachoka ku Sinda konse kudzandichititsa manyazi ngati ndine wakuba. Iwe Edith, mwamuna wako atamwalira anathamangathamanga ndani? Bokosi anakalinyamula ndani?"

"Munalinyamula ndinu. Ndinathokoza, ndipo ndimathokozabe. Koma analipira ndi a kumpingo."

"Tamverani pakamwa pakepo! Ndine malume wa Chisomo ine. Tsiku limene adzabwere anthu kudzamufunsira, udzaitana makina osokera kuti akhale pamphasa?"

Wina mwa alimiwo anaseka, kenaka n'kudzigwira. Edith sanadzuke.

"Sindichoka achimwene. Ndikhala pano mpaka mundipatse."

Lackson anamusiya choncho. Anayeza nsawa za anthu awiri, akukanikiza ndi dzanja pamwamba pa ndowa yofiira, nawawerengera makwacha mazana awiri pa ndowa iliyonse kuchokera m'chikwama chotupa chimene anamanga m'chiuno. Edith anangogwadabe padzuwa. Anthu anayamba kunong'onezana, ndipo Lackson anaona kuti nkhaniyi ikumuipitsira malonda.

"Chabwino, mfiti iwe," anatero. "Ndalama ndilibe, izi ndi za bizinesi. Utenga nsawa. Ndowa khumi ndi zitatu, mtengo womwewu wa mazana awiri. Ukagulitse wekha ku Sinda, ndipo usadzandiimbirenso."

Analowa kuseri kwa matumba natulutsa ndowa yobiriwira, yogulitsira ija.

Edith anaiyang'ana ndowayo. Anawerengera mumtima. Ku Sinda amagula pa sikelo. Ndowa khumi ndi zitatu za yobiriwirayo sizikanakwana ngakhale zikwi ziwiri, osanena za kulipira minibasi kuti inyamule matumba. Makina akanapitabe. Anatseka maso kamphindi, napempha Mulungu kuti amugwire lilime lisanene choposa chofunika.

"Yezerani yofiirayo, achimwene."

"Wati chiyani?"

"Mwati mtengo ndi womwewu umene mukugulira. Ndiye yezerani ndowa yomwe mukugulira."

"Ndowa ndi ndowa! Zonse ndi zofanana izi."

"Ngati ndi zofanana, palibe chovuta. Yofiirayo ili pafupi ndi inu."

Ng'ombe ina inapukusa mutu, goli n'kulira. Lackson anayandikira, nawerama mpaka Edith anamva mpweya wake kumaso.

"Ukudziwa chimene ukuchita?" ananong'ona. "Ndikuswa pakamwa pompano, anthu akuona."

"Menyani," anatero Edith. "Koma muyezere yofiira."

Mayi Ursula anatsika pangolo pang'onopang'ono, akugwira bondo. "A Lackson, musavutike ndi mwana wa mayi anu. Bweretsani ndowa zonse ziwiri. Tidzaze yofiira, tikhuthulire mu yobiriwira, tione. Nsawa ndipereka zanga."

"Inu agogo, za banja lathu zikukukhudzani pati?"

"Za banja sizindikhudza. Ndowa ndiyo ikundikhudza."

Bambo wina amene anali atalandira kale ndalama zake anabwerera, naima pafupi ndi ndowa yofiira. Lackson anaiponda ndi phazi kuti asaigwire. Mwadzidzidzi anatsegula chikwama chija, nawerenga ndalama mofulumira, milomo ikugwedera, n'kuziponya kumaso kwa Edith.

"Tenga! Tenga uzipita! Kuyambira lero ulibe mchimwene. Ndikadzafa usadzaponde pamaliro panga, ndipo mwana wakoyo akafune malume kumsika."

Mapepala anamwazika m'fumbi, ena mphepo n'kuwakankhira pansi pa ngolo. Edith anayamba kutola ali chogwada. Mayi Ursula anawerama naye, woyendetsa ngolo anakwawira pansi n'kutulutsa atatu, nawapukuta pa malaya ake asanamupatse. Edith anawerenga kawiri. Zinali zokwanira, osaposa ngakhale kwacha imodzi.

Anaimirira, mawondo atachita dzanzi. Anafuna kunena mawu otsazika, koma Lackson anali atamufulatira, akukalipira bambo uja amene tsopano anali atagwira chogwirira cha ndowa yofiira osafuna kuchisiya. Alimi ena anali akumanganso matumba awo.

"Amayi," anatero Edith kwa mayi Ursula, maso ali pansi, "ine za ndowayi ndinkazidziwa kuyambira Epulo. Mundikhululukire."

Mayiyo anamuyang'ana nkhope itauma. "Ndagulitsa kuno kanayi chaka chino," anatero. Anatembenuka nauza woyendetsa kuti akweze matumba, apite nawo pa Katete pamene pali sikelo.

Ngolo itatembenuka, Edith anayamba kuyenda pambuyo pake, m'fumbi la mateyala, ndalama atazimanga pamimba. Palibe amene anamuitana kuti akwere, ndipo iye sanapemphe. Kumbuyo kunkamveka mawu a Lackson akutchula dzina lake pamodzi ndi matemberero. Anayenda osacheuka, akuwerengera kuti akafulumira apeza minibasi ya masana, akafike kwa msungichuma wa gulu lero lomwe, Lachisanu lisanafike.