Mfuti ya Marit Wamanzere

A Reino Kangas anali ndi lamulo limodzi lomwe silinkasintha. Mwana aliyense wofuna kupita nawo kumsasa wa alenje, nyengo yosaka mbawala ikatsegulidwa, ankayenera kuyamba walasa mbale yapepala yokhomedwa pachitsa kuseri kwa khola. Zipolopolo zitatu, zonse m'mbale. Iwo ankati mtima ndi mapapo a mbawala kukula kwake n'komweko, ndipo wophonya mbale amangovulaza nyama kuti ikafere kutali.

Mdzukulu wawo Marit, wazaka khumi ndi zitatu, anali ataphonya kale sabata yapitayo, ndipo tsikuli ankaphonyanso. Novembala, mwezi wozizira umene nyengoyo imatsegulidwa, anali pakhomo.

Mayi ake, Lorna, anakhala kumbuyo kwa galimoto ndi kapu ya khofi, maso ali pa mwanayo osati pambale. Marit anali wamanzere, moti mfuti ankaitsamiritsa paphewa lakumanzere. Koma kachitsulo kokokera chipolopolo china kanali kumanja, ndiye akawomba ankachita kudzutsa mutu n'kudutsitsa dzanja pamwamba pa galasi loyang'anira, ngati munthu wosisita mphaka wa eni kuseri kwa mpanda. Kamtunda ka pathabwa la mfutiyo kotsamiritsapo tsaya kanali mbali inayo. Tsaya lake linkagwera pouma, ndipo linali litafiira.

"Sinthira phewa linalo, mtsikana iwe," anatero a Reino.

Marit anasintha. Atatsinzina diso lakumanzere, lakumanja linatsinzina nawo. Kenako anapendeketsa mutu kuti ayang'ane ndi lakumanzere lomwelo. Chipolopolo chinakafumbula dothi m'munda, kutali ndi chitsa.

"Mbatatesi ndinakumba kale, usavutike," anatero agogowo.

Lorna anatsika pagalimoto. "Basi, zakwana. Loweruka tikupita kusitolo kwa Mayi Tremblay."

"Kukagula chiyani? Mfuti ndi iyi. Inali ya bambo anga. Inandiphera ine mbawala yoyamba, inamuphera Arvo, inamuphera Dennis. Ana anga onse."

"Onse ayi, bambo. Ine munkandisiya kukhitchini ndikukulunga nyama ndi mbatatesi mu mtanda wa buledi kuti mukadye kumsasako."

"Sunkafuna."

"Simunandifunse. Uyu akufuna, ndipo apita."

A Reino anangokokera chipewa kumaso. Koma Loweruka m'mawa Lorna anawapeza atakhala kale m'galimoto, mpando wakutsogolo, akuti akufuna misomali.

M'sitolo munkanunkha mafuta a mfuti ndi mphira wa nsapato, ndipo chitofu chinali chitatenthetsa mpaka mawindo kuchita thukuta. Mayi Tremblay, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe, sanathamangire kutsitsa mfuti.

"Tione diso kaye, mwanawe. Tambasula manja, upange kabowo ndi zala. Yang'ana mphuno ya mutu wa mbawala wopachikidwa pakhomawo. Tsopano bweretsa manja kumaso pang'onopang'ono, osaitaya mphunoyo."

Kabowoko kanakathera padiso lakumanzere.

"Wamanzere mpaka m'maso," anatero mayiwo. "Ameneyu palibe amene anamuuza kuti asinthe phewa, eti?"

A Reino anali akuwerenga bokosi la misomali mwachidwi chachikulu.

Mfuti zazifupi za ana zinalipo zambiri pakhoma, zonse zamanja. Zamanzere zinalipo ziwiri zokha, zonse za akuluakulu: ina ya pulasitiki wakuda, ina yathabwa.

"Opanga mfuti amaganiza kuti amanzere amabadwa atakula kale," anatero Mayi Tremblay pozigoneka patebulo.

Marit ananyamula yakudayo. Anaiika paphewa, tsaya linapeza malo ake, ndipo dzanja lakumanzere linafika lokha pakachitsulo kaja osafunafuna. Anakoka, n'kukankha, n'kukokanso, diso lili pagalasi osachoka.

"Amayi, ndi iyi. Yandikwana ndendende."

"Yamukwanadi," anavomera Mayi Tremblay, akutulutsa kale mapepala.

Lorna ankayang'ana mwana wakeyo, amene anali m'kamalaya kopyapyala ka manja aafupi, chifukwa zofunda zonse anazisiya m'galimoto. Anatuluka, n'kubwera atakumbatira juzi yaubweya, chijasi chachikulu chalalanje ndi magolovesi.

"Vala."

"Amayi, muno mukutentha."

"Mbawalayo sudzailasira muno. Vala zonse."

Marit anavala, akuguguda pansi. Atanyamulanso mfuti, thako la mfutiyo linakola pachijasi m'khwapa. Ataikoka n'kuikhazika paphewa, chijasicho chinali chitaikankhira kutsogolo, moti galasi linali patali ndi diso ndipo ankangoonamo mdima ndi kakuwala pakati. Chala chinkafika powombera ndi nsonga yokha. Anayesa yathabwa, zinali chimodzimodzi. Anaigoneka patebulo mwakachetechete, makutu atafiira.

"Yaifupi ndikhoza kuitanitsa," anatero Mayi Tremblay, "koma zamanzere zimachedwa. Idzafika alenje atabwerako."

"Ndiye kuti chaka chino ayi," anatero Marit, akuyang'ana nsapato zake.

Kuwerenga kwa misomali kuja kunali kutatha. A Reino anabwera akukhwekhwereza mwendo wawo wina wovuta, ananyamula mfuti yakuda n'kugogoda thako lake ndi chala.

"Mphako iyi. Ukadula upeza mphepo." Anatenga yathabwa. "Gwira, mtsikana iwe. Imika mutu bwino, usatalikitse khosi ngati tsekwe."

Anayeza ndi zala kuchokera padiso mpaka pagalasi, n'kuyezanso pathako la mfuti.

"Zala zitatu. Tichotse zala zitatu, ikhala bwino."

"Mudula mfuti yatsopano, bambo?" anafunsa Lorna.

"Bola yatsopano kusiyana ndi ya bambo anga."

"Koma agogo, yakudayo ndi imene ili yokongola."

"Ikhale m'sitolo momwemuno, anthu aziiona kukongola."

Lorna anasaina mapepala, poti mwana saloledwa kugula yekha. Masana omwewo a Reino anamasula thabwa la mfutiyo m'garaja, analikulunga tepi kuti lisazomoke, n'kulemba mzere ndi pensulo. Lorna anagwira mwamphamvu iwo akucheka. Sowo inkalira pang'onopang'ono, ndipo Marit anatseka makutu ngati akucheka mwendo wake. Atasalaza, anabwezera mphira wa kuthako n'kusenga m'mbali mwake kuti ulingane. Kachidutswako anakaponya m'kabati ya zitsulo.

"Kasatayike. Mikono ikatalika tidzakabwezerapo."

Lamlungu atachoka kutchalitchi kunali kutagwa chipale chofewa choyamba, chopyapyala ngati ufa wotayikira pansi. Anayamba alinganiza galasi powombera chikatoni, kenako a Reino anakakhoma mbale yatsopano. Marit anavala zonse osauzidwa. Anakhala pansi, zigongono pamawondo, monga adzakhalire m'nkhalango. Anawomba, n'kukoka kachitsulo mutu osadzutsa, chigoba cha chipolopolo n'kudumphira kumanzere, kutali ndi nkhope. Anawombanso. Chachitatu chinatuluka mofulumirirapo.

Anayenda onse atatu kupita kuchitsa. Mabowo awiri anali pafupi ndi pakati. Chipolopolo chachitatu chinangobenthula mphepete mwa mbale, theka papepala theka pamtengo. Lorna anapinda manja pachifuwa, mawu okangana nawo ali okonzeka kale pakamwa.

"Chomalizacho ndinapupuluma," anatero Marit.

A Reino anawerama, nayang'ana nthawi yaitali, n'kuika chala pobenthukapo.

"Pepala lang'ambika kapena ayi?"

"Lang'ambika, agogo."

"Ndiye ndi mbale imeneyo." Anazula msomali n'kumupatsa mbaleyo. "Koma pa mbawala usadzapupulume. Ulongedze masokosi ambiri. Ndipo udziwiretu, wamng'ono pamsasa ndi amene amatunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Amalume ako akhala akudikira tsiku limeneli."

"Nkhwangwa yake ndi yamanja kapena yamanzere?"

"Nkhwangwa ilibe zimenezo. Uwaza basi."