Mayi Nambala 7

Zaka zitatu ndakhala ndikuyendayenda ndi kachojambulira mawu m'chikwama, kufunsa azimayi a kwaya funso limodzi: kodi zomwe mumayimbazi mumazikhulupirira? Azimayi khumi ndi awiri anandiuza zakukhosi. Aliyense ndinamulonjeza, mpaka kusayinirana, kuti dzina lake silidzatuluka. M'buku langa muli manambala basi, Mayi 1 mpaka Mayi 12. Ndimo timagwirira ntchito kuno ku dipatimenti ya maphunziro a zipembedzo, ndipo anandiphunzitsa zimenezi ndi a Pulofesa, mkulu wa dipatimentiyi.

Lachiwiri anandiyitanitsa ku ofesi kwawo. Buku langa linali patebulo, pamwamba pake fomu yoti asayine kuti lipite kwa oyesa. Musaiwale, bambowa si pulofesa chabe, ndi mkulunso wa mpingo womwe ndinkafufuzawo.

"Ntchito yabwino, mayi," anatero. "Koma tsamba 94." Analisendeza kutali ndi maso, n'kuwerenga movutikira: "'Ndinasiya kupemphera zaka khumi zapitazo. Ndimangoyimba kuti amuna anga asachite manyazi.' Mayi 7 ameneyu ndani?"

"Ndi Mayi 7, a Pulofesa."

"Musandiseweretse. Ndikufuna mndandanda wa mayina. Ndidziwa bwanji kuti simunapeke?"

"Zonse zomwe analankhula ndinazilemba, komiti yoona za kafukufuku inaziona. Mayina okha ayi."

Anatsitsa mawu, kuyamba kaulaliki kawo kaja. Akuti nkhosa ikasochera m'busa sagona, akuti akungofuna kukacheza naye mayiyo, kumuthandiza. Kumuthandiza! Ndimawadziwa ine macheza amenewo: lero akulu a mpingo pakhomo, Lamlungu dzina lako pa guwa.

"Mukufunsa ngati ndani?" ndinatero. "Ngati pulofesa, munatiuza nokha chaka choyamba kuti woulula dzina la womufunsa asadzapondenso mu dipatimenti muno. Ndinalemba, kope ndikadali nalo. Ngati mkulu wa mpingo, buku ili silinabwere kwa inu."

Anatseka cholembera. "Popanda mndandanda sindisayina. Mudikira chaka china, mwinanso ziwiri. Kaganizeni bwino."

Ndisaname, ndinachita mantha. Zaka zitatu zanga, mayi anga atasoketsa kale chovala cha tsiku lolandira digiri. Koma mkwiyo unaposa mantha, ndipo ndinatemetsa nkhwangwa pamwala.

"Ndaganiza kale. Fomuyo isungeni, ikatopa kudikira ndikadandaula kwa akuluakulu a yunivesite. Mayina simuwaona."

Buku ndinalisiya pomwepo. Chitseko sindinamenyetse, ngakhale dzanja linkandiyabwa.

Pabenchi ya m'khonde, pansi pa bolodi la zotsatira za mayeso, panakhala akazi awo a Pulofesa, atafumbata magalasi omwe bambowo anayiwala kunyumba. Khoma la ofesi ija ndi lathabwa, munthu akatsokomola mkati panja umamva.

"Muli bwanji, mayi?" ndinatero.

"Ndili bwino, kaya inu?"

Tinapatsana moni ngati anthu osadziwana, ngati sitinakhalepo maola atatu m'galimoto mwawo, mawindo otseka, kachojambulira kali pakati pathu, iwo akulira, akundiuza mawu a pa tsamba 94 aja. Anayimirira, nakonza mpango wawo, nagogoda pachitseko kukapereka magalasi kwa amuna awo.