Voti ya Martinho

M'bungwe logawa ndalama za boma ku Vila Cabral, wakuda anali mmodzi yekha, mphunzitsi Martinho. Azungu atagawikana posankha wapampando, Senyoro Brandão, mlimi wa mbatata, anamupeza kusukulu.

"Undivotere, ndipo kwanu ku Sanjala tikumba chitsime mvula isanagwe."

Martinho anavomera, Brandão n'kupambana. Pa msonkhano wotsatira wapampando watsopanoyo anasintha lamulo, akuti za ndalama azikambirana okhawo amene minda yawo inalembetsedwa kuboma, omwe anali azungu okhaokha.

"Nanga chitsime chija, Senyoro?" anafunsa Martinho.

"Zimenezo sizikukukhudzanso. Kadikire pakhonde."

Mvula itayamba chitsime chisanakumbidwe, matenda otsegula m'mimba anabuka ku Sanjala. Martinho anakaika nawo maliro a ana a m'kalasi mwake, ndipo kumandako panalibe amene anamupatsa moni.