Kilatchi Musachotse

Pikapu ya bambo anga, a Malizani, inakhalitsa panjerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni mpaka tinayamba kuyanikapo zovala. Injini yake inafa kalekale, tinagulitsa kwa ogula zitsulo. Pamalo pakepo nkhuku zinkaikirapo mazira, ndipo chaka china dzungu linayanga n'kutulukira pomwe panali nyali. Koma m'masiku ake galimotoyi inali chilombo. Inkakoka ndi matayala onse anayi, n'kumatsika ndi mbatata kuchokera ku Neno nthawi ya dzinja, malole atagona m'matope.

Matenda a shuga atawadulitsa mwendo wakumanzere m'munsi mwa bondo, bambo anasiya kutuluka pageti. Kutchalitchi ayi, kumaliro ayi, ngakhale kubawo komwe ankachedwerako. Ulendo wawo unatsala umodzi. M'mawa ankatenga ndodo zawo, kukakwera m'pikapumo, kutseka chitseko n'kugwira chiwongolero. Chiperoni chikatsika n'kumeza phiri la Michiru, ankakhala momwemo mpaka tiyi kuzizira. Ndikasuzumira ndinkaona dzanja likusintha magiya, milomo ikung'ung'udza ngati injini, maso ali kutali.

"Adadi, lero mwafika pati?" ndinkawafunsa.

"Ndangowoloka mlatho. Tseka windo, Olivia, fumbi."

Windolo linalibe n'galasi lomwe. Ndinkaseka, koma mtima unkandiwawa. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzanyamuka ulendo wa m'mutuwu osabwerako.

Ndiye ndinapita ku Ndirande kwa Che Mubarak, makaniko amene ankaikonza pikapuyi ndili mwana. Anabwera, anaizungulira, anagogoda pansi ndi sipanala n'kunena kuti thupi lidakali lolimba. Anaikokera ku galaja kwawo. Patapita masabata anaimba foni kuti apeza mainjini awiri, ina ndi giyabokosi yake, inanso ndi yake.

"Koma injini sasankhirana, mayi," anatero. "Abwere okha madalawo adzamve."

Bambo anakana, anang'ung'udza, kenako anavala jekete lawo la kutchalitchi. M'galimoto ya hayala anakhala chowerama njira yonse, kuopa kukumana maso ndi owadziwa.

Mainjiniwo anali atawakhazika pamatayala akale. Yoyamba inali ya dizilo, yachikale, mtundu womwewo wa imene tinagulitsa ija, giyabokosi yake yosintha ndi dzanja. Che Mubarak analumikiza batire, paipi n'kuviika m'botolo la mafuta. Injiniyo inatsokomola, inalavula utsi wakuda, kenako inagwira: gu gu gu gu, mpaka malata a galaja kunjenjemera. Bambo anatseka maso. Nkhope yawo inasalala ngati aichita kusita, ndipo ndinadziwa kuti sali nafe, ali pachitunda china chake, mvula ikuwomba galasi.

Yachiwiri inali ya dizilonso, koma yaposachedwa, yochokera m'galimoto imene inagubuduzika. Giyabokosi yake inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, yosafuna kilatchi. Atailiza, bambo anatsegula diso limodzi.

"Imeneyi ikulira kapena ikudya miseche?"

"Ndi yofatsa chabe, madala, mphamvu ili nazo," anatero Che Mubarak. "Matayala onse anayi idzakoka. Ndingowotcherera zogwirira zatsopano n'kufupikitsa shafiti."

"Otomatiki ndi ya anthu a mataye opita ku ofesi. Pamtsetse wa ku Neno ndimafuna giya yoti ndaika ndekha, osati galimoto izindiganizira ngati ndine katundu."

"Ili nayo giya yotsikira phiri."

"Ndati yakaleyi."

Che Mubarak anayang'ana pansi n'kumapukuta manja amene anali opukuta kale. Tonse tinkadziwa vuto, koma panalibe wofuna kulitchula. Tsono ine pakamwa panga sipachedwa, ndinatengera mayi anga malemu. Mawu anandipulumuka.

"Adadi, kilatchiyo muziponda ndi chiyani?"

Bambo sanakalipe, bola akanakalipa. Anayang'ana mwendo wa buluku umene ndinawapindira ndi phini m'mawa uja.

"Ndi mwendo wanga," anatero motsitsa. "Inu simuuona, koma ine ndimaumva. Panopa chala chachikulu chikuyabwa. Mwendo umenewu waponda kilatchi moyo wanga wonse, unakuphunzitsa sukulu iweyo. Lero ndiuuze kuti ntchito yatha?"

Ndinachita manyazi. Che Mubarak anakoka chigubu n'kukhala pafupi ndi bambo.

"Madala, mukasankha yakaleyi ndikukonzerani bwino, izilira monga mwamveramu. Koma woyendetsa adzakhala wina, inu muli pampando wa mlendo. Yachiwiriyi ndi yonong'ona, inde, koma chiwongolero chidzakhala m'manja mwanu."

Bambo anatambasula dzanja n'kusisita injini yakale ija, idakali yofunda, monga momwe munthu amatsanzikira mnzake kudepoti.

"Ikani yamisecheyo," anatero. "Koma kilatchi musachotse."

"Sidzagwira kanthu, madala."

"Ndamva. Ingoisiyani pomwepo ndi sipuling'i yake."

Ntchito inatenga miyezi. Chiperoni chinatha, kunabwera mphepo youma ya mu Ogasiti. Che Mubarak anabweretsa pikapuyo m'mawa wina, itapakidwa penti yobiriwira, magalasi onse alimo. Bambo anaponya ndodo kumbuyo n'kukwera kumalo kwawo. Ine ndinakhala pambali pawo n'kutsitsa galasi kuti ndipume.

Tinatuluka pageti pang'onopang'ono. Anzawo a bawo anaimirira pansi pa mtengo wawo uja, mbewu zili m'manja, bambo n'kuwaimbira hutala osawerama. Tinasiya tala, tinalowa msewu wa dothi wolunjika ku Michiru. Phiri linkaoneka lotuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire, ngati likuyandama, ndipo nyumba zinkatsalira m'mbuyo imodziimodzi.

Pachitunda injini inakweza mawu. Ndinayang'ana pansi. Bondo lakumanzere linanyamuka, linatsika, ndipo nthawi yomweyo galimoto inasintha giya yokha. Kilatchi inali chiimire, osagwedezeka n'pang'ono pomwe.

"Wamva kusintha kwake?" anatero bambo. "Mwendo uwu sunaiwale."

"Ndamva, adadi."

Misozi inali itadzaza m'maso mwanga, ndiye ndinatembenukira kunja kuti asaone.

"Tseka windo, Olivia, fumbi."

Ndinayang'ana pamkono panga. Fumbi linalipodi, lofiira, likukhala pamalaya anga oyera. Ndinalisiya windolo lotsegula.