Ndingochotsa Pang'ono

Panali wometa wina amene anthu ankangowatchula kuti a Pang'ono. Ukakhala pampando wawo ankati, "Ndingochotsa pang'ono," koma podzuka umapeza mutu uli see ngati dzira.

Ndiye mkuluyu anagula foni yojambula bwino, n'kulowa gulu lina la pa intaneti la anthu okonda kujambula. Kumeneko ankaonetsana zithunzi n'kumaphunzitsana kuwalitsa mitambo ndi kufufuta mawaya a magetsi. Makasitomala akasowa, a Pang'ono ankangoti pabenchi khale, chala pafoni, lilime panja.

Tsiku lina anajambula akazi awo ataima pawindo la kukhitchini, atavala diresi lawo lachikasu, dzuwa likuwaomba tsaya limodzi. Chithunzicho chinali chokongola kale. Koma dzanja la wometa silimva.

"Ndingochotsa pang'ono," anadziuza.

Anayamba ndi poto wakuda amene anali kumbuyo. Kenako chibwano chachiwiri. Kenako imvi. Kenako makwinya a pamphumi, mpaka kampata ka pakati pa mano akutsogolo anakatseka ngati akumata khoma. Atatero anaponya pagulu paja n'kulemba m'munsi kuti, "Kuwala kwa mtima wanga." Anzawo anayamikira mpaka foni kutentha.

Mawa lake masana, ali mkati mometa mphunzitsi wina, chitseko chinangoti pha! Analowa alamu awo, mkulu wawo wa mayi a kunyumba, foni ili m'mwamba. Pambuyo pawo panali mayiwo, maso ali psuu, chikwama cha zovala chili m'manja.

"Alamu, kamtsikana aka ndi kandani?"

"Kamtsikana kati?"

"Musandiyese mwana! Mnzanga wa kuntchito ali pagulu lanulo, wanditumizira. Mwakalowetsa m'khitchini ya mng'ono wanga, mwakavekanso diresi lake!"

"Diresi limene ndinasoketsa ndekha," anatero mayiwo. "Ine ndikupita kwa achemwali. Kuwala kwanuko kukuphikireni."

A Pang'ono anasuzumira m'chikwama chija. Munali ndi nsapato za kutchalitchi zomwe. Apa sikunali kuopseza ayi.

"Mayi, ameneyu ndinu!"

"Ine? Mano ondondozana ngati a chipeso awa?"

Mphunzitsi uja, mutu uli wometa mbali imodzi, anasuzumira. "Abwana, ingovomerani. Mwina akukhululukirani."

"Inu khalani chete, tsitsi lanu lili m'manja mwanga."

A Pang'ono anatsegula chithunzicho pafoni pawo n'kuyamba kudina kamuvi kobwezera m'mbuyo. Atadina koyamba, kampata ka m'mano kanatseguka.

"Iii!" anakuwa alamu. "Kampata ka amayi athu aka!"

Anadinanso. Makwinya anabwerera pamphumi, limodzilimodzi, ngati ana ochokera kusukulu. Mayiwo anatula chikwama pansi, koma nkhope sinamasuke.

"Ndiye kuti palibe kamtsikana," anatero pang'onopang'ono. "Pali ine, amene simukundifuna mmene ndililimu."

Ha! Mlandu woyamba unali wopepukako.

"Mayi, ine ndinangofuna kuchotsa poto."

"Poto ali m'kamwa mwanga? Si inu munkaima pageti pathu n'kumati kampata aka kamakusowetsani tulo?"

"Mpaka lero kamandisowetsa. Onani." Anawaonetsa chithunzi cha pamaso pa foni yawo, chimene ankachiona akangoiyatsa. Chinali chomwechi, chosakhudza, poto ndi imvi zonse zilimo. "Chapagulucho n'cha anzanga, timayeserapo dzanja. Changa ndi ichi."

Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako kampata kaja kanaonekera, kenikeni.

"Pitirizani kubweza, tione."

Imvi zinabwerera. Chala chitatsala pang'ono kudinanso, mayiwo anagwira dzanja la amuna awo.

"Basi, imani pomwepo. Chibwano chachiwiricho chisiyeni komwe chili. Ndi poto yemwe."

"Nanga langa mungalichotseko dazi, alamu?" Uyo anali mphunzitsi, akudziyang'ana pagalasi.

"Alamu anu ndani? Khalani bwino, ndingochotsa pang'ono."

"Thawani, aphunzitsi!" anakuwa azimayi onse awiri.

Chithunzi chatsopano anachiponya pagulu mayiwo okha, kampata kali poyera. Chikwama anasenza ndi a Pang'ono pobwerera kunyumba, ndipo njira yonse sanachotsemo ngakhale pang'ono.