Wachinayi Amatsala

"Ndiye tiziwasiya pamsewu, munthu wamkulu?" anafunsa Sekani.

Tinali m'kashedi ka njinga kuseri kwa koleji yathu ku Croydon, koleji yaing'ono yokhala pamwamba pa sitolo ya makapeti. Ine ndinali kochi wa timu chifukwa ndinali ndi digiri ya zamasewera, komanso panalibe wina aliyense woifuna ntchitoyo.

Mpikisano wa njinga womwe tinkakonzekera umayenda chonchi: anthu anayi amanyamuka mondondozana, wakutsogolo akutchingira anzake mphepo, kenako n'kusinthana. Nthawi amaiwerenga wachitatu akafika. Wachinayi akatopa, matimu ena amamusiya osacheuka n'komwe.

Wachinayi wathu anali a Anderson, azaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mkulu wa mpingo ku Peckham, omwe ankaphunzira zosamalira okalamba. Anabadwira pafamu ku Zimbabwe, makolo awo a ku Dedza, ndipo njinga anaidziwira kunyamula zigubu za mkaka. Pokonzekera, iwo akangoyamba wefuwefu, Sekani, Tawanda ndi Wilbert ankachepetsa liwiro onse, aliyense akunamizira tcheni chake.

Mkulu wa koleji anali atandiuza kale: tikapanda kulowa m'matimu khumi oyamba, timu yatha, ntchito yanganso yatha.

Ndinawaitanira pambali a Anderson.

"Bambo, mukhale kutsogolo, mukoke mwamphamvu makilomita khumi oyamba. Mukatero mupatuke."

"Ng'ombe yapangolo," anaseka. "Mukafika kumunda mundimasule."

"Anyamatawa sangakusiyeni, pokhapokha muwalamule nokha."

"Ndiwalamula, mwanangu."

Loweruka kunacha ndi mvula yamawawa. Ndinaima pamphambano ya pakilomita yakhumi, wotchi ili m'manja. Anatulukira a Anderson ali kutsogolo, kukamwa yasa, nkhope itatuwa. Anapatuka monga tinapangana.

"Pitani!" anakuwa a Anderson.

Sekani anacheuka, miyendo itasiya kupalasa.

"Ndati pita, iwe! Sukumva?"

Anapita. A Anderson anandikwezera dzanja lamanja. Lamanzere linali lendee m'mbali mwa njinga. Ndinaliona, ndipo ndinadziuza kuti akulipumitsa. Ndinathamangira kugalimoto ya oyang'anira mpikisano kuti ndikafike pothera mpikisano anyamata asanafike.

Tinakhala nambala naini. Tawanda anagona chagada m'matope akuseka. Sekani sanaseke, maso ake anali kumsewu. Panadutsa mphindi makumi awiri, kenako makumi anayi. Oyang'anira mpikisano anayamba kuchotsa zikwangwani.

Amene anawapeza a Anderson ndi dalaivala wa basi, atakhala pansi pamalo odikirira, njinga ataiyedzeka bwinobwino kuti isatchinge njira. Anthu awiri omwe ankadikira basi pomwepo ankawayesa oledzera.

Kuchipatala dokotala anati ndi sitiroko. Anafunsa kuti zinayamba nthawi yanji, ndipo ine ndinatchula ola ndi mphindi zake, poti wotchi ndinali nayo. Analemba, n'kundiyang'ana pang'ono, n'kulembanso.

Akazi awo a Anderson, mayi Betty, anabwera ali m'yunifomu ya kuntchito. Ndinadikira kuti andikalipire.

"Wanyowa, mwanangu," anatero. "Wadya?"

A Anderson anali atapotoka pakamwa. Anavutika nthawi yaitali ndi liwu limodzi, mayi Betty atawerama pafupi.

"Akufunsa nambala," anatero mayiwo.

"Naini, bambo."

Anatseka maso. Sekani anatuluka m'chipindamo, anzake n'kumutsatira. Pobwerera tinakwera tramu imodzi, kasitima ka mumsewu, iwo kumapeto uku, ine kumapeto uko.

Lolemba mkulu wa koleji anandiitana. Anali atagula keke, ndipo zotsatira za mpikisano anali atazimata kale pachitseko. Ananena kuti koleji iwatumizira khadi a Anderson, aliyense asayine. Kenako anandikankhira pepala la ntchito ya chaka chamawa, n'kufunsa ngati ndili ndi wina m'maganizo wolowa pamalo achinayi, makamaka wachichepere.

Ndinaliwerenga lonse pepalalo, mpaka timalemba tating'ono tam'munsi. Linalembedwa bwino.

"Timuyi ithe," ndinatero. "Njinga zonse ndibweza Lachitatu."