Tiyi wa ku Gazipur

A Dilruba ankafunitsitsa kukwezedwa pantchito, koma akuluakulu a yunivesite anati kafukufuku wawo ayambe wasintha kenakake. A Dilrubawo anali atalemba kuti pafakitale ina yosoka zovala ku Gazipur, amayi amauzana madandaulo awo pa nthawi ya tiyi, ndipo m'pamene amalimbitsana mtima kukaonana ndi bwana.

Bwanayo anawerenga kafukufukuyo mpaka tsamba lomaliza. Pasanapite nthawi, anathetsa nthawi ya tiyi.

“Dilruba Apa, achemwali athu, mwatiposa tonse!” anatero a Mofizul, mkulu wa dipatimenti, akugawa maswiti. “Ife zolemba zathu amangokulungira mtedza, koma inu mwagwedeza fakitale yonse!”

A Dilruba anakwezedwadi. Paphwando lowasangalalira anawathirira tiyi wamkaka, koma iwo anangomuyang'ana mpaka anazizira m'kapu.